Tisanalote za nyukiliya, mapulani a boyila ali kuti?

Magetsi akathima ku Thyolo m'mwezi wa Januwale, m'mafakitale a tiyi mumakhala pikitipikiti. Masamba amene amayi athyola tsiku lonse mvula ili pamsana amakhala atayalidwa pa mathandala aatali a waya, mafani akuwapemerera kuti afote bwino. Fani ikaima nthawi yaitali masamba aja amayamba kutentha okha n'kufiira, ndipo tiyi wake akafika ku okushoni ku Limbe ogula amangolawa n'kukwinya nkhope. N'chifukwa chake maesiteti amasunga majenereta, ndipo dizilo amene zimakinazi zimamwa ndi ndalama yomwe ikadatha kupita m'thumba la wothyola.

Tsono mukamva anthu mu minibasi ya ku Makwasa akufunsana kuti bwanji osangomanga magetsi a nyukiliya poti yureniyamu tili naye ku Karonga, musawaseke. Anthuwa adatopa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira pa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, ndipo padatha chaka ndi miyezi makina asadabwerere m'chimake. Yureniyamuyo alipodi. Mgodi wa Kayelekera udatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya Paladin, udaima mu 2014 mitengo itagwa, udagulidwa ndi Lotus Resources mu 2020, ndipo mu 2025 udayambanso ntchito. Lamulo loyang'anira za nyukiliya lidakhazikitsidwa mu 2011, ndipo bungwe lake ndi Atomic Energy Regulatory Authority.

Koma pali nkhani ina imene simudzaimva pa msonkhano wa ndale chifukwa siombetsa m'manja. Ndi nkhani ya mapepala.

Akatswiri a nyukiliya amaitcha configuration management. Dzinalo lisakuopseni, awerengi, nkhani yake fitala aliyense wa ku Thyolo angathe kuimvetsa. Ati pa siteshoni ya nyukiliya pali zinthu zitatu zoyenera kugwirizana tsiku lililonse: zimene okonza pulani adafuna kuti pakhale komanso chifukwa chake, zimene mapepala akunena kuti zilipo, ndi zimene zilipodi ukapita kukagwira ndi manja. Pulani ikati paipi iyi ikhale yochindikala mwakutimwakuti kuti ipirire nthunzi, pepala la m'kabati linene chomwecho, ndipo paipi imene ili pakhomapo ikhale yomweyo. Wina akafuna kusintha kanthu, ngakhale kavalavu, ayambe wafunsa chimene adakaikirapo, wina amuunike, avomereze, ntchito ichitike, kenaka mapepala onse okhudzidwa akonzedwe. Bungwe la IAEA la ku Vienna, limene Malawi adalowamo mu 2006, lidatulutsa buku lapadera la nkhani yomweyi mu 2003.

Zikumveka zophweka eti? Tiyeni tilowe m'fakitale ya tiyi.

Tiyi adayamba kudzalidwa ku Thyolo zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo maina ngati Satemwa, yomwe idayamba mu 1923, Conforzi, Naming'omba, Nchima ndi Makandi ndi akale kuposa dziko lodzilamulira la Malawi. Fakitale ya zaka zambiri siikhala momwe adaimangira. Boyila ya nkhuni za bulugamu imachotsedwa n'kubwera ina. Makina odulira masamba amasinthidwa. Chowumitsira chatsopano chimalumikizidwa ku mapaipi akale. Mota yopsa amaichotsa n'kuika ina yomwe yapezeka m'sitolo, kaya ndi yamphamvu mofanana kaya ayi, chifukwa thalakitala yadzaza masamba ili panja ndipo masamba sadikira sipeya yochokera ku Durban.

Apa ndiyenera kuvula chipewa. Mafitala a m'maesiteti ndi anthu anzeru zoopsa. Agogo anga adagwira ntchito imeneyi pa esiteti ina zaka zambiri, ndipo ankadziwa paipi iliyonse ngati njira ya kumunda kwawo: iyi idatsekedwa chaka cha njala, iyo ikuoneka ngati ikupita kuboyila koma imakathera kuseri, valavu iyo osaikhudza. Zonsezi zidali m'mutu mwawo. Atapuma ntchito, anyamata a ku wekishopu ankabwera panjinga kudzafunsa, iwo n'kumajambula pansi ndi kamtengo. Lero adatisiya, ndipo sindikhulupirira kuti zonse zimene ankajambula pa dothi zija zidalowa m'faelo.

Sindikuloza chala esiteti iliyonse. Lamulo la za chitetezo pa ntchito la mu 1997 limafuna kuti boyila iziyesedwa ndi katswiri nthawi ndi nthawi, zotsatira zake n'kulembedwa, ndipo maesiteti amene amagulitsa tiyi kunja amayenderedwa ndi anthu ofufuza mapepala kuposa maofesi ambiri a boma. Chimene ndikunena ndi chikhalidwe chathu tonse, kuyambira kugalaja ya ku Bvumbwe mpaka kuchigayo cha ku Thekerani. Timati bola zikuyenda. Fyuzi ikapsa timamanga waya. Pepala timalemba mawa, ndipo mawalo silifika.

Musaganize kuti ndi matenda a Amalawi okha. Ku Flixborough, ku Mangalande, kudali fakitale ya mankhwala yokhala ndi matanki asanu ndi limodzi olumikizana. Mu Malichi 1974 thanki yachisanu idang'aluka. Pofuna kuti ntchito isaime, adaichotsa n'kulumikiza yachinayi ndi yachisanu ndi chimodzi ndi paipi yongogwirizira. Pulani ya paipiyo adaijambula ndi choko pansi mu wekishopu, ndendende agogo anga ndi kamtengo kawo, ndipo nthawi imeneyo mpando wa injiniya wamkulu wa makina udali wopanda munthu. Paipi idagwira ntchito miyezi iwiri, aliyense n'kumati zatheka. Loweruka pa 1 Juni 1974 fakitale idaphulika ndipo anthu 28 adafa. Likadakhala tsiku la pakati pa sabata, maofesi ali odzaza, maliro akadachuluka.

Imeneyo idali fakitale ya mankhwala chabe. Ng'anjo ya nyukiliya ndi chilombo china. Boyila ya tiyi ukasiya kuponyamo nkhuni moto umazilala. Ng'anjo ya nyukiliya ngakhale uyizimitse imapitirizabe kutentha masiku ndi miyezi, ndiye madzi oziziritsa sayenera kuleka kuyenda ngakhale kunja kugwe chiyani. Woyendetsa sangatsegule chitseko n'kusuzumiramo ngati mmene amachitira wosonkhezera boyila. Iye amadalira magetsi a pa bolodi ndi mapepala. Zimenezi zikanama, iyenso wasokera.

Zidachitika ku Three Mile Island, ku America, pa 28 Malichi 1979, pa ng'anjo imene idali itangotha miyezi itatu ikugulitsa magetsi. Mavalavu a mapampu a madzi apangozi adapezeka ali otseka pamene malamulo ankati akhale otsegula, ndipo kachikwangwani ka okonza makina kadaphimba getsi limodzi lomwe likadaulula zimenezi. Padatha mphindi 8 asadazindikire. Choopsa kwambiri chidali valavu ina pamwamba imene idakanirira ili yotsegula, pamene getsi la pa bolodi linkapangitsa oyendetsa kuganiza kuti yatseka. Madzi adathawa kwa maola oposa awiri, ndipo mbali yaikulu ya mtima wa ng'anjoyo idasungunuka. Siidagwirenso ntchito.

Nkhani imene ine imandizizimutsa kwambiri ndi ya Diablo Canyon ku California. Kumeneko adamanga ng'anjo ziwiri zoyang'anana ngati dzanja lamanja ndi lamanzere, pamalo poyandikira ming'alu ya pansi yobweretsa zivomezi. Mu 1981, chilolezo choyamba kuyesa ng'anjo yoyamba chitangotuluka, injiniya wina wachinyamata adatulukira kuti powerengera zitsulo zochirikiza mapaipi pa chivomezi, anzake adagwiritsa ntchito chojambula cha ng'anjo inayo. Kunena kwina, nsapato ya kumanzere adaiveka phazi lamanja. Boma lidalanda chilolezocho mu Novembala chaka chomwecho, ntchito yonse idaunikidwanso, ndipo magetsi adayamba kugulitsidwa mu 1985.

Ife a ku Thyolo nkhani ya chivomezi tisaione ngati ya kutali. Phiri limene timatsetsereka popita ku Chikwawa ndi ku Muona lili pa mng'alu umene akatswiri a miyala amautcha Thyolo Fault, ndipo amati ukadali wamoyo. Salima idagwedezeka mu 1989, Karonga, komwe kuli yureniyamuko, mu Disembala 2009. Siteshoni iliyonse yomangidwa m'dziko muno iyenera kudzakhala ndi chiwerengero cha chivomezi chimene ingapirire, ndipo chitsulo chilichonse chochirikiza paipi chidzachokera pa chiwerengero chimenecho. Pepala lofotokoza zimenezi likadzasowa, mdzukulu amene adzafune kusuntha chitsulocho zaka 40 zikubwerazi kuti apititse waya adzadziwa bwanji kuti akuzula mzati wa nyumba?

Funso limenelo ndi lomwe lidagwetsa Millstone, siteshoni ya ng'anjo zitatu ku Connecticut. Kumeneko sikudaphulike kanthu. Injiniya wina, George Galatis, adaona kuti mmene ankatulutsira mafuta a nyukiliya otha ntchito zinkasiyana ndi zimene mapepala a chilolezo ankanena, ndipo zidakhala zikuchitika choncho zaka zambiri. Adadandaula kwa mabwana, sadamumvere, mpaka nkhope yake idatuluka pachikuto cha magazini ya Time mu Malichi 1996. Ofufuza atalowa adapeza kuti siteshoni ndi mapepala ake zidasiyana njira kalekale. Ng'anjo zonse zitatu zidakhala zotseka. Yachitatu idayambanso mu 1998, yachiwiri mu 1999, yoyamba adangoisiya osaidzutsanso. Chaka chomwecho cha 1996 bungwe loyang'anira nyukiliya ku America lidalembera eni masiteshoni onse kuti alumbire kuti zimene zili m'mapepala awo ndi zimene zilidi pamalopo.

Phunziro limene amisiri adatolapo n'lakuti kufukula mapepala siteshoni itakalamba n'kodula kuposa kuwasunga bwino kuyambira tsiku loyamba. N'chifukwa chake masiku ano ntchitoyi imayamba dothi lisadakumbidwe n'komwe. Paipi iliyonse, waya aliyense, pampu iliyonse imapatsidwa nambala yake ikadali pa kompyuta, ndipo nambalayo imamangiriridwa ku chifukwa chake, kwa amene adaipanga, chitsulo chimene adapangira, amene adawotcherera, ndi amene adayesa. Pomanga, zinthu zimasintha tsiku ndi tsiku, monga adziwira mmisiri aliyense amene adamangapo nyumba: pulani imati zenera apa, koma pafika njerwa mpamene mumaona kuti pali mtengo wa mango. Pa nyumba ya ku Luchenza mumangosuntha zeneralo. Pa nyukiliya ntchito imaima mpaka kusinthako kuvomerezedwe ndi kulembedwa.

Ndipo imaimadi. Ku Vogtle, m'chigawo cha Georgia ku America, oyendera adapeza mu 2012 kuti zitsulo za m'maziko a ng'anjo yatsopano adazimanga mosiyana ndi pulani yovomerezeka. Konkire wa maziko adadikira mpaka Malichi 2013. Sizidali zokhazo zimene zidachedwetsa ntchito, koma ng'anjo ziwiri zomwe zinkayembekezeka mu 2016 ndi 2017 zidayamba kugulitsa magetsi mu 2023 ndi 2024, ndalama zitakwera kuchoka pa madola pafupifupi 14 biliyoni kufika poposa 30 biliyoni. Ku South Carolina, pa siteshoni ya V.C. Summer, ng'anjo ziwiri za mtundu womwewo adazisiya zili theka mu 2017, mabiliyoni atalowa kale m'dothi.

Nanga pepalalo likakhala labodza? Apa ndiye Amalawi tiyenera kutchera khutu, poti za malisiti ophika ndi ziphaso zogula kuseri sitichita kuuzidwa. Ku South Korea, dziko lotchuka pomanga nyukiliya mwachangu, zidaululika mu 2012 kuti masipeya zikwizikwi adalowa m'masiteshoni ndi ziphaso zachinyengo. Mu 2013 zidapezekanso kuti mawaya ofunika pa nthawi ya ngozi adali ndi zotsatira za mayeso zopeka. Ng'anjo zingapo zidatsekedwa, mawaya adazulidwa, ndipo anthu 100 adatengeredwa kukhoti. Ku France, mu 2016, kudapezeka zokayikitsa m'mafaelo a zipangizo pafupifupi 400 zosulidwa ku fakitale ya Le Creusot, zina za m'ma 1960. Chikomekome cha mkuyu. Ngati izi zidachitika kwa eni luso, kuli bwanji kuno kumene tenda imapita kwa mlamu wa bwana?

Anzathu amene ali ku Cape Town amaidziwa Koeberg, siteshoni yokhayo ya nyukiliya imene ikupereka magetsi mu Africa muno, yomwe idayamba mu 1984. Pa Khirisimasi ya 2005 jenereta ya ng'anjo yoyamba idawonongeka chifukwa cha bawuti imodzi ya masentimita 8 yomwe idatsalira mkati atamaliza kukonza. Bawuti imodzi, abale! Chigawo cha Western Cape chidakhala m'mdima wa apo ndi apo miyezi yoyambirira ya 2006. Nduna Alec Erwin idathamangira kunena kuti ndi chiwembu, chisankho cha makhansala chili pafupi, koma pambuyo pake mawuwo idawabweza. Chipangizo cholowa m'malo adachita kukabwereka ku France n'kuchinyamula pa sitima ya nkhondo yotchedwa Drakensberg. Mlandu udali wa kuwerenga: zimene zalowa m'makina ndi zimene zatuluka ziyenera kufanana, ndipo wina asaine.

Pali mbali ina imene ikukhudza dziko logula ngati lathu. Ife ng'anjo sitingapange, tidzachita kugula. Egypt ikumanga zinayi ku El Dabaa kuyambira mu 2022, ndipo omanga ndi a Rosatom a ku Russia. Zambia nayo idasainirana mapangano a za nyukiliya ndi a Rosatom omwewo zaka zapitazo. Womanga akamaliza amapereka makiyi n'kukwera ndege. Funso n'lakuti kodi wasiya chiyani m'kabati? Akhoza kukusiyirani zojambula zonse koma osakusiyirani mawerengero osonyeza chifukwa chimene paipi iyi ilili yotere, ati chimenecho n'chinsinsi cha kampani. Zikatero, chaka chilichonse mukafuna kusintha pampu muyenera kugwada kwa iye, mtengo n'kumatchula yekha. Anthu a ku Thyolo, amene makolo awo adalawa thangata pa nthaka yawo yomwe, safunika kuwamasulira tanthauzo la kukhala pamalo pamene pepala lake lili m'manja mwa wina.

Ndiye pali chiyankhulo chimene mapepalawo adzalembedwe, kaya Chirasha, Chitchaina kapena Chikoreya, ndi amene adzatanthauzire mosalakwitsa nambala. Palinso makompyuta. Siteshoni zatsopano amazipangira zaka 60, ndipo kuigwetsa ikatha ntchito kumatenganso zaka zina makumi. Ndani wa inu angatsegule lero kalata imene adasunga pa diski ya m'ma 1990? Mapulani a siteshoni ayenera kudzawerengeka ndi ana amene sadabadwe, pa makina amene sadapangidwe. Zonsezi zimalembedwa mu kontirakiti tsiku losainirana, osati pambuyo. Safunsa adadya phula.

Kunena zoona, nyukiliya yaikulu sitingaikwanitse lero ngakhale mapepala athu atakhala oyera ngati a kumwamba. Ng'anjo imodzi ya ku El Dabaa ndi ya mamegawati 1,200, pamene magetsi onse a dziko lino, kuphatikiza Nkula, Tedzani, Kapichira ndi a dzuwa a ku Salima, sakwana 600. Akatswiri amalangiza kuti makina amodzi asapose gawo limodzi mwa magawo khumi a magetsi onse a pa mawaya, kuopa kuti akaima dziko lonse lingagwe nawo. Pali ting'anjo ting'onoting'ono timene makampani akutsatsa masiku ano, koma ukung'ono wake suchepetsa mapepala.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti sukulu yophunzirira mwambo umenewu tili nayo kale pakhomo, ndipo siifuna ngongole ya ku World Bank. Yunivesite ya MUST idatsegulidwa mu 2014 ku Ndata, m'boma lomwe lino la Thyolo, ndipo ikuphunzitsa mainjiniya. Mafakitale a tiyi ali pamtunda woyenda ndi kabaza. Nyengo yozizira, masamba akachepa, ndi pamene mafakitale amamasula makina, kutsuka maboyila ndi kusintha mapaipi pokonzekera mvula ya Disembala. Imeneyo ndiyo nthawi imene fakitale ndi mapulani ake zimasiyana njira kapena kugwirizananso.

Bwanji ophunzira a chaka chachitatu osatumizidwa kumeneko ndi tepi yoyezera ndi kope, atenge pulani ya m'kabati, ayende paipi ndi paipi kuchokera kuboyila mpaka kuchowumitsira, alembe paliponse pamene pepala ndi chitsulo zikutsutsana? Akapeza valavu yosadziwika ntchito yake, akwere njinga akafunse madala amene adapuma ntchito, omwe ambiri akadali moyo ku Goliati, ku Luchenza ndi ku Masambanjati, penshoni yawo itatha kalekale. Madalawo apatsidweko kangachepe, chifukwa chimene ali nacho m'mutu ndi katundu wa fakitale amene sadalowe m'buku la sitoloko. Eni maesiteti adzapeza mapulani olondola, a inshuwalansi adzakondwa, ndipo a Atomic Energy Regulatory Authority akadzafuna oyendera, adzapeza achinyamata amene adagwirapo paipi yotentha n'kuifananiza ndi pepala.

Ophunzirawo adzafunika nsapato zolimba, magolovesi ndi chilolezo cha manijala wa fakitale. Ntchito yomasula makina imayamba cha mu Juni.